Kakowa wa Majumbo

Amuna anga anali aatali mopanda chifukwa. Miyendo ngati nsungwi, khosi la ulendo wakewake, mapazi oti nsapato zawo tinkachita kusakasaka pa kaunjika mpaka ogulitsa kutidziwa. Tsiku loyamba kukawaonetsa kwathu, azakhali anandikokera kuseri n'kundifunsa ngati ndaganizirapo za bulangete loti lidzawakwane. Ine ndine wamfupi, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Anthu amati Mulungu anandimana msinkhu n'kundibwezera lilime. Iwo ankakhoma zidebe ndi mbaula pansi pa mtengo kufupi ndi msika wa Ndirande, ine ndinkasoka pakhonde ndi makina opalasa. Kanyumba kathu tinamanga m'mbali mwa khwawa lotsika m'phiri kukathira mumtsinje wa Nasolo.

Khwawa limenelo ndinalipeza lamoyo. Ndili wongokwatiwa kumene tinkachapa momwemo, ana ankatola nkhanu pansi pa miyala, ndipo mmawa akakowa ankatera m'mbali, oyera mbee, ataima ndi mwendo umodzi ngati akudikira minibasi. Kenako mitengo ya m'phiri inatha. Sindiloza munthu chala, makala ake tinkaphikira tonse, pa mbaula zokhoma amuna anga omwewo. Kunabwera majumbo, timatumba tapulasitiki tija tonyamuliramo tomato, usipa, chilichonse. Kunabwera zigubu, mabotolo, timasacheti ta mowa, matewera ogula otaya aja. Zonsezo njira yake inali imodzi, khwawa. Akakowa anasamuka osatsanzika.

Chaka china mvula yoyamba itagwa, zinyalala zinatseka pansi pa kamlatho kathu, madzi n'kusowa kolowera, n'kutsata anthu m'nyumba. Kwathu anafika m'mawondo, mawondo anga, osati awo. Ndinaona mbale zanga zikutuluka pakhomo zokha ngati zaitanidwa. Woyandikana nafe anali mayi wachilomwe wogulitsa makala, wa mawu ngati belu la tchalitchi, amene pambuyo pake tonse tinkangowatchula kuti atcheya. Iwowo ndiwo anayenda khomo ndi khomo chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala, kuti tiyeretse khwawa mvula isanabwere. Tsiku litakwana tinapezekapo ife a nyumba zomira basi, anthu oti tikanakwana pamphasa imodzi. Munthu wa ku Ndirande ndimamudziwa ine. Ukamuuza kuti kuli ntchito, mutu umamupweteka pompo. Koma njinga ziwiri zingogundana, amasiya mphika pamoto.

Tikuvuula zinyalala choncho, dzuwa likuswa mtengo, atcheya akutukwana mtundu wonse wa anthu aulesi, amuna anga anatola majumbo oyera, kuwatsukuluza, n'kuwakoleka m'manja kuyambira m'mapewa mpaka m'zala. Anakwera pamwala pakati pa khwawa, kuima ndi mwendo umodzi, khosi lija n'kulisolola, n'kumayang'ana m'madzi ndi ulemu wonse. Mwadzidzidzi anajompha ngati agwira chule.

Mayo ine, manyazi! Munthu wamkulu, wa ana akeake. Ndinati, "Inu abambo, tatsikani apo, mwapenga kodi?" Koma ana anali atakuwa kale. Amayi ochokera kumpopi anatula zidebe. Azibambo a pabawo anasiya bawo. Posakhalitsa m'mbali monse munadzaza anthu akuseka mpaka misozi, ndipo atcheya, poti ndi munthu wamalonda, sanachedwe kuona msika. Aliyense wobwera kudzaonerera ankamuika thumba m'manja. "Kuonera kakowa si kwaulere," ankatero. "Dzazani ili." Pofika madzulo miyala ya m'khwawa inali ikuonekanso.

Ligubo lathu linabadwa choncho. Chaka ndi chaka Okutobala akafika, kutentha kuja koti malata amalira okha, tinkatha masabata tikuvuula zinyalala, kutsuka ndi kuyanika. Zingwe zoyanikira zovala zinkadzaza majumbo, zovala zenizeni n'kumayanikidwa pampanda. Pakhonde panga panasanduka fakitale. Ndasoka madiresi aukwati ambiri pamoyo wanga, koma palibe imene ndinaikirapo mtima ngati siketi yanga ya masaka a feteleza ya mphonje za timasacheti. Zitsekerero za mabotolo tinkaboola n'kumanga m'miyendo kuti zizilira povina. Anyamata ankapanga ng'oma za zigubu, azibambo ankavala mabeseni osweka kumutu ngati zipewa za asilikali. Kavinidwe kake kanali kosakaniza ngati ife eni ake, pena manganje a anzathu achiyao, pena tchopa cha kwawo kwa atcheya, pena kuguba kwa amayi a kutchalitchi, kwinako misala chabe.

Malamulo anali ochepa koma ouma. Chovala chilichonse chichokere m'khwawa lathu lomwelo, osati chogula. Wandale asabwere ndi nsalu zake. Ndipo lalikulu linali ili. Ligubo linkatsata njira ya madzi, kuchokera m'munsi mwa phiri kutsika mpaka pakamlatho, likuima khomo lililonse ndi mawilibala. Tikaima tinkaimba nyimbo yoitana:

Eni nyumba tulukani,
taona nsapato pakhomo, muli momwemo!
Zinyalala si chuma,
musagone nazo!

Sitinkasuntha mpaka mwini nyumba atatuluka yekha ndi chidebe chake cha zinyalala, kukhuthula mu wilibala ndi manja ake, n'kuvinako pang'ono. Akamwaza pansi, atole yekha. Lamulo limeneli analiika ndi amuna anga. Ankati azibambo amakonda kutuma akazi ndi ana ngati kuti iwo sataya kanthu. Landilodi wina wa nyumba zambiri anadzitsekera chaka china, kuganiza kuti titopa. Ife kutopa? Kakowa anaima ndi mwendo umodzi pageti pake, ife tikuimba, thukuta likuyenda pansi pa majumbo, mpaka mkuluyo anatuluka atavala tayi, kabasiketi m'manja, nkhope ili gwa. Anavina ngati akuponda linthumbu. Chaka chotsatira anatibwereka wilibala yake osapemphedwa.

Tikafika pakamlatho, ntchito inkayambiranso. Zowola zinkapita kudzenje la manyowa, zitini amuna anga ankatenga, majumbo amayi ankaluka timphasa ndi zikwama, ana n'kuba ena opangira mpira. Tinkadzala timitengo m'mbali mwa khwawa, timene mbuzi zinkadya theka, ife osataya mtima. Kenako thobwa m'zidebe, aliyense ndi kapu yake yochokera kunyumba, chifukwa atcheya akanakudya wamoyo utabwera ndi yotaya. Masiku ano ligubo likadalipo koma lachepa. Achinyamata amabwera ndi masipika, ndipo ndinamva kuti ena amakagula majumbo atsopano kugolosale kuti zovala ziwale. Kugula zinyalala, abale! Ndikaganiza zimenezi mutu umandiwira.

Kutsogolo kwa zonsezi kunkakhala kakowa. Mapiko ndinkasoka ine, majumbo oyera okhaokha, mulomo ankakhoma okha ndi chitini. Zaka zina khwawa linkayera kwambiri moti oyerawo ankasowa, tinkachita kulimbirana ndi amayi anzanga ngati nyama ya paukwati. Ndinkawaseka kuti ena akaipa amadziwa nyimbo, inu munaipa n'kudziwa kuima ndi mwendo umodzi. Iwo ankangoti, "Komatu mayi munandilola ndili chonchi." Ana a dera lonse dzina lawo lenileni sankalidziwa. Ngakhale Lamulungu atavala jekete, ankangoti kakowa uyo. Ndipo ndisaname, akatambasula mapiko aja pamwamba pa chitunda, mphepo n'kuwagwira, phiri lili kumbuyo kwawo, mtima wanga unkagunda ngati wa mtsikana. Sindinawauzepo. Akanadzimva.

Sitiroko inawagwira ali pantchito, nyundo ili m'manja, nyengo yozizira. Anzawo anathamangira nawo kuchipatala chachikulu, ndipo amene ndinabwera naye kunyumba anali munthu wina. Dzanja lamanja lili lende, mwendo wokoka, pakamwa popotoka, mawu otuluka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mankhwala okha sakwanira. Munthuyu aziyenda, azilankhula, azikhala pa anthu, apo ayi ziwalo zidzauma, mtima nawo udzatsatira. Ndinagwedeza mutu ngati nkhani yophweka.

Analowa kuchipinda n'kukhala. Basi. Anzawo a kumsika akabwera, ankatembenukira kukhoma n'kunamizira tulo. Abusa anachita kupempherera msana. Katani ya pawindo inakhala yotseka, ndipo poti chimbudzi chathu n'chakunja, anakana kupitako, ndinkachita kuwaikira chidebe. M'chipindamo ankatha kudzikoka atagwira khoma, kuchoka pabedi kufika pampando, koma chitseko chakunja ankachiopa ngati pali njoka. Ndinayesa kunyengerera, ine amene kunyengerera sindikudziwa. Ndinawaphikira nkhwani wotendera mmene ankaukondera, n'kunena kuti ndaika pakhonde poti m'nyumba mukutentha. Anagona ndi njala. Ndinayesa kukalipa, kumene ndiko kwathu. Ndinati, "Abambo, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mukufuna ndikuikeni m'manda muli moyo?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, akulimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka.

"Andione... chonchi?"

Ndinatuluka kukalirira kuseri kwa bafa. Ndinkaona ndi maso anga munthu akutha, osati ndi matenda koma ndi manyazi, ndipo ndinkadziwa kuti akapanda kutuluka pakhomo paja ndi miyendo yawo, adzatulukapo atanyamulidwa. Ndinali ndi mantha, mantha enieni.

Okutobala anafika osafunsa. Atcheya anabwera pakhonde, kukhala pampando wa makasitomala, n'kuyamba kuzungulira nkhani, zomwe sizinali khalidwe lawo. Ndinati, "Amayi, nenani, dzuwa likundithera." Nkhani inali ya kakowa. Komiti ya ligubo inagwirizana kuti chaka chimenecho avale mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, wogulitsa nyama kumsika, munthu wamfupi wonenepa, khosi losadziwika pomwe lili. Ndinaseka koyamba pa miyezi yambiri. Ndinati ameneyo si kakowa, ndi bakha. Komabe mapiko ndinasoka, pakhonde pomwepo pansi pa windo lawo, ndikupalasa makina mwamphamvu dala kuti amve majumbo akuchita tswatswatswa. Mlamu ankabwera kudzayesa, akati aime ndi mwendo umodzi n'kugwera mumpanda, ine n'kumakuwa mokweza kuti m'nyumba amve. Ndinkati mwina mkwiyo uwatulutsa. Katani sinagwedezeke n'komwe.

Tsiku la ligubo siketi yanga ya masaka sindinaivale. Ndinawasambitsa, kuwapatsa phala, n'kuwafunsa ngati ndiwatulutsire mpando pakhonde. Anatseka maso. Ndinatenga chidebe chathu cha zinyalala n'kuchiika kuseri kwa chitseko, kuti gulu likafika ndidzakhuthule ndine, lamulo lidziwe lokha. Ndinakhala pakhonde manja ali pamiyendo ngati mlendo.

Ndinawamva akuyamba kumtunda. Zigubu, mawezulo, nthungululu, zitsekerero zikulira m'miyendo ya anthu. Nyimbo inkaima pakhomo lina, chiseko n'kuphulika, n'kusunthira pena. Makomo ndinkawadziwa ndi makutu. Apo ndi kwa aphunzitsi, apo kwa mayi wa mandasi, apo kwa atcheya eni ake. Kenako anatulukira pakona, fumbi koboo, mlamu wanga kutsogolo akupuma ngati ng'ombe ya ngolo, mapiko akukhwekhwereza pansi.

Atatsala pang'ono kufika pampanda wathu, atcheya anakweza dzanja.

Zigubu zinaleka. Mawezulo analeka. Amayi anagwira ana m'miyendo kuti zitsekerero zisalire. Sanapangane zimenezi ayi. Atcheya anandiuza pambuyo pake kuti iwo ankangofuna phokoso lichepe, wodwala asavutike mtima. Koma ife anthu a kuno njira yodutsira pakhomo mwakachetechete tili nayo imodzi yokha, ndipo thupi limaidziwa lokha. Ukapeza masamba aikidwa pamsewu umadziwa kuti pali maliro. Wapanjinga amatsika, wailesi imazimitsidwa, amuna amavula zipewa, amayi amaika manja kumbuyo. Ndiye ndinangoona azibambo akuvula mabeseni osweka kumutu, mmodzimmodzi. Okankha mawilibala anawanyamula m'mwamba kuti mateyala asalire. Mlamu anapinda mapiko, mutu pansi. Gulu lonse lija, lovala majumbo ndi masaka, nkhope zopaka phulusa ndi makala, linayamba kudutsa pakhomo panga maso ali pansi, kukumveka mapazi okha m'fumbi. Mayi wina wachikulire anafika popinda mawondo kundiyang'ana, n'kunong'ona kuti, "Pepani."

Thupi lonse linandizizira dzuwa lili pamutu. Ndinaona maliro a amuna anga iwo ali moyo kuseri kwa khoma. Pakamwa panga, pamene sipanasowepo mawu chibadwire, panauma gwa.

Ndiye m'nyumba munamveka kugwa kwa mpando. Kenako mwendo ukukokedwa pasimenti, kuima, kukokedwanso. Ndinadzuka kuti ndithamangireko, koma china chake chinandigwira miyendo, ndipo ndimathokoza Mulungu mpaka lero kuti chinandigwira. Anthu nawo anamva, anaima. Chitseko chinalimbana ndi munthu kanthawi, kenako chinatseguka.

Anaima pamenepo atatsamira felemu, atawonda ngati ndodo, ndevu zoyera zomwe anthu anali asanazione, maso akuphethira ndi kuwala. Kudzanja lamanzere, lamoyo lija, ananyamula chidebe cha zinyalala. Anayang'ana gulu lonse, kuyambira kwa atcheya mpaka kwa mng'ono wawo. Pakamwa panagwira ntchito nthawi yaitali, malovu akutsika mbali imodzi, aliyense akuona.

"Wa... wafa ndani pano?"

Anthu anayang'anizana.

"Ndati... wafa ndani?"

Atcheya, mayi woti akalankhula agalu a kutali ku Goliyo amauwa, anayankha chapansipansi. "Palibe, abambo."

"Nanga... nyimbo yanga?"

Apa lilime langa linabwerera. Ndinati, "Mwamvatu! Mwaima ngati zitsa bwanji? Nyumba ino ilibe mwini wake? Imbani!" Ndipo ndinaiyambitsa ndekha, mawu akusweka. Anthu anailandira mwamantha poyamba, ngati nyimbo ya pasiwa yomwe, kenako wina anamenya chigubu, wezulo inalira, mabeseni anabwerera kumitu, ndipo phokoso limene linabuka pamenepo ndikhulupirira linamveka mpaka ku Chinseu. Kuimbira munthu kuti atuluke iye atatuluka kale! Koma iwo anadikira ndithu kuti iimbidwe yonse, mpaka pa musagone nazo, ndipo pokhapo anayamba kutsika pakhonde.

Wina anabweretsa wilibala pafupi. Iwo anapukusa mutu, n'kuloza ndi chibwano kuti ibwerere pamsewu pomwe imaimira wina aliyense. Kamtunda kake n'kakafupi, mwana amangodumpha, koma tsiku limenelo kanatalika ngati ulendo wapansi wa ku Limbe. Mlamu anatambasula dzanja kuti awagwirire. Amuna anga anamuyang'ana diso limodzi, dzanja linabwerera lokha. Atafika anakweza chidebe ndi dzanja limodzi lija, chinapendekeka, zina zinalowa, zina zinamwazika pansi. Makoko a nthochi, majumbo, timabokosi ta mankhwala awo omwe.

Nyimbo inatsika. Amayi angapo anawerama kuti atole. Ndinati, "Asa! Siyani! Lamulo analiika okha." Ena anandiyang'ana ngati mfiti, ndipo mwina mpaka lero alipo amene amati mayi uja ndi wouma mtima. Anene. Ine ndinaona mmene amuna anga anandiyang'anira, mbali yamoyo ya pakamwa ikukwera pang'ono. Anatsamiritsa ntchafu pa wilibala, kupinda msinkhu wonse uja pang'onopang'ono, n'kuyamba kutola chimodzichimodzi. Zala zinkaphonya, n'kubwereza. Gulu linaimba mpaka khoko lomaliza, ena akuimba misozi ili m'masaya, ikusiya mizere pa phulusa.

Kunatsala kuvina. Ataweramuka anayang'ana mng'ono wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe... vula. Ukunyozetsa mbalame."

Mlamu anavula msanga ngati munthu womasulidwa kundende. Tinawaveka mapiko, kuwamanga mulomo wa chitini. Mapikowo ndinali nditasokera munthu wamfupi, ankalekeza m'zigongono, koma palibe anaseka. Anakweza dzanja lamanzere, phiko linatambasuka. Lamanja linangokhala lende. Ndinaliyang'ana, n'kuyang'ana chidebe chopanda kanthu chija, n'kuchivundikira pansi, kukwerapo. Poti ndine wamfupi panalibe njira ina. Ndinagwira dzanja lakufalo, lozizira, lolemera, n'kulikweza m'mwamba mpaka pomwe manja anga amalekeza. Kamphepo kanabwera, majumbo analira mbali zonse ziwiri. Iwo anali ataimira mwendo wamoyo, winawo ukungokhudza pansi.

"Mayi," anatero chapansipansi, kuti ndimve ndekha. "Mwendo umodzi... ndinazolowera kale."

Ndinati, "Khalani chete, mundigwetsa." Nthungululu zimene zinalira pamenepo sindinazimvenso kwina kulikonse, ngakhale paukwati wa ana anga.

Tsiku limenelo anangofika khomo lotsatira, n'kukhala pampando, mapiko osavula mpaka madzulo. Koma mmawa mwake ndinawapeza pakhonde asanasambe n'komwe, akundiuza ndi chibwano kuti makina anga akufuna mafuta. Anayamba kupita kuchimbudzi okha, kenako pakamlatho ndi ndodo, kenako kumsika kukakhala ndi anzawo pansi pa mtengo n'kumawanyoza makhomedwe. Nyundo sanaigwirenso, mawu sanawongokenso bwinobwino, ndipo kukangana kwathu kunkatenga nthawi yaitali poti ndinkayenera kudikira kuti amalize. Koma anakhala moyo zaka zingapo ndithu, moyo wa pa anthu. Ligubo lililonse phiko limodzi linali lawo, lina langa, chidebe chokwerapo wina n'kumatinyamulira.

Anatisiya nyengo yozizira ngati yomwe inawagwetsa. Masamba anaikidwa pamsewu, apanjinga anatsika, amuna anavula zipewa, ulendo uno moyenera. Achibale atagawana zovala, nsapato zokha zinasowa mwini. Aliyense woyesa phazi linkasambira. Zinatsala pakhonde, pakona pomwe ankazivulira, ine osalimba mtima kuzisuntha.

Ndipo ine amene ndinkalalatira munthu za mbewa yamanyazi, ndinalowa kuchipinda n'kutseka katani. Makina anachita dzimbiri. Makasitomala ankagogoda, ine zii. Sikuti ndinkadwala ayi. Ndinkangoona kuti kunja kulibe chimene ndikachite, ndipo maso a anthu achisoni aja ndinkadana nawo. Apo m'pamene ndinawamvetsa amuna anga, mochedwa.

Okutobala anafikanso. Mapiko sindinasoke, ndipo palibe anabwera kudzandipempha. Tsiku la ligubo ndinakhala pabedi pawo, ndikumva zigubu zikuyamba kumtunda. Kwa aphunzitsi. Kwa mayi wa mandasi. Kwa atcheya. Atafika pampanda wathu, ng'oma zinayamba kuzengereza, ina kuleka, ina kutsatira. Pano panalidi pamaliro, akanadutsa mwakachetechete palibe akanawadzudzula, ndipo ndikudziwa kuti akanatero, katani ija sindikanaitsegulanso.

Ndiye ndinamva mawu aja ngati belu la tchalitchi, okalamba tsopano koma osasintha.

"Mwalekeranji? Nyumba ino ili ndi mwini wake! Imbani!"

Anaimba. Eni nyumba tulukani. Atafika poti taona nsapato pakhomo, muli momwemo, ndinamva mawu a anthu akusweka, chifukwa nsapato zinalipodi pakhonde, zazikulu zija, zitayang'ana kumsewu. Ndinalira mmene sindinalirire ngakhale kumanda. Koma sanaleke, ndipo sanasunthe. Anabwereza, n'kubwerezanso, dzuwa likuwaotcha.

Ndinawasiya aimbe yonse, mpaka pa musagone nazo. Kenako ndinapukuta kumaso ndi chitenje, kunyamula chidebe, n'kutsegula chitseko.